Zala za Dabwitso ndi Batani Lofufuta

Zala za Dabwitso zinathyoledwa masana, dzuwa likuswa mtengo, m'kachipinda ka kuseri kwa polisi ina ya mu Malota, komboni ya mu Livingstone, amayi akudutsa panja ndi mabeseni a repu pamutu. Dabwitso anali wosema ziboliboli. Ankasema mvuu ndi njovu za mtengo wa mukwa n'kumagulitsa kwa alendo obwera kudzaona mathithi. Tsiku limenelo foni ya mzungu wina inasowa pafupi ndi benchi lake, ndipo wapolisi wotchedwa Amon Sakala sanafune kutaya nthawi ndi mafunso ambiri.

Anamumanga unyolo m'manja, n'kumupinda mawondo, n'kulowetsa chitsulo kunsi kwa mawondowo. Kenako anapachika chitsulocho pakati pa matebulo awiri. Mu Livingstone zimenezi amati kampelwa. Munthu amalendewera chadodolido ngati mbuzi ya pabutchala, ndodo n'kumagwa kumapazi.

"Foni ili kuti, iwe?" anafunsa Amon.

"Sininatenge, bwana. Mulungu aniona."

"Aya manja ndiye yamene yakuba. Leta kuno."

Anamutsitsa, n'kukokera dzanja lake lamanja pampata wa chitseko, mbali ya mahinjesi, n'kukankha chitsekocho ndi phewa. Kukuwa kwa Dabwitso kunamveka mpaka kumsewu, koma palibe anaima. Foni ija inapezeka madzulo ake pansi pa mpando wa takisi imene mzunguyo anakwera. Dabwitso anatulutsidwa akukwawa, popanda womuuza pepani.

Ku kiliniki anamulandira ndi namwino wamkulu, Sisita Lonah Mukelabai, mayi wosaseka zachabechabe. Anamutsuka magazi, n'kumumanga timatabwa kuzala, kenako anamuyang'ana kumapazi nthawi yaitali.

"Dabwitso, izi zala sizizawongoka monga kudala, nikuuze chabe chilungamo," anatero. "Na aya mapazi yotupa so, aka si koyamba kuyaona. Ukachokako pano uyende ukapeleke komplenti. Ukangala zii, mailo azachita munzako."

Dabwitso anamvera. Anapita ku ofesi yolandira madandaulo a anthu pa apolisi, dandaulo lake n'kulembedwa.

Apa ndiye polowera amalume ake, a Fanwell Njobvu. A Fanwell anali telala wochokera ku Katete, kum'mawa kwa dzikolo, wokhazikika mu Malota, komanso mkulu wa mpingo. Kunena zoona sanali munthu woipa, ndipo n'chimene chimapweteka m'nkhaniyi. Vuto lawo linali kukonda mtendere mopitirira, kapena tinene kuti kukonda dzina loti ndi obweretsa mtendere. Banja likayambana, a Fanwell. Anyamata akatemana pabawa, a Fanwell. Ankayenda ndi tepi yoyezera m'khosi ndi Baibulo kukhwapa, ndipo akamva wina akuti "pakanapanda ba elda," ankamva kukoma mpaka kuchala.

Tsoka lake, Amon Sakala ankaimba besi m'kwaya ya mpingo womwewo. Ndipo mumpingomo munali chizolowezi chimene aliyense ankachidziwa. Membala akalakwira mnzake, akuluakulu ankamuperekeza Lamulungu masana ndi nkhuku yoyera ndi thumba la ufa. Wolakwa ankagwada, pemphero n'kuchitika, anthu n'kugwirana chanza, ndipo m'mawa mwake wolakwiridwa ankapita kukachotsa dandaulo kulikonse kumene analisiya. Pa nkhani za mphekesera ndi nkhuku zodya ndiwo za eni, chizolowezichi chinkathandiza ndithu. Koma anthu anazolowera kuchiika paliponse, ngati mankhwala amodzi ochiza chifuwa ndi mwendo wothyoka omwe.

Amon anabwera atavala tayi, n'kugwada pamkeka, misozi ili chuchuchu.

"Inali chabe tempa, ba elda. Satana ananigwilisa nchito."

"Wamva, mphwanga?" anatero a Fanwell. "Munthuyu ali ndi ana. Ukamuchotsetsa ntchito, anawo adya chiyani? Chokhululukidwa chafa. Sitifukula maliro ife."

"Manje ine nizasema na chani, amalume?"

"Mulungu apereka njira. Pereka dzanja."

Dabwitso anayang'ana dzanja lake lokutidwa ndi mabandeji, n'kupereka lamanzere. Akuluakulu anaomba m'manja, anthu n'kuimba nyimbo. M'mawa mwake a Fanwell anamuperekeza okha ku ofesi ija kukachotsa dandaulo.

Nthawi imeneyo n'kuti mtauni muli ntchito ina yatsopano. Anthu anali atatopa ndi madandaulo olembedwa pamapepala, amene ankasowa wapolisi akangosamutsidwa. Bungwe lina lothandiza linalonjeza kugula pulogalamu ya pakompyuta yosunga madandaulo onse, yolumikizidwa ndi chiphaso cha wapolisi aliyense. Chiphasochi ndi chimene chinkamulola kugwira anthu ndi kunyamula mfuti, ndipo chinayenera kuunikidwanso nthawi ndi nthawi. Anakhazikitsa komiti yosankha pulogalamuyo. Wapampando anali a Imwiko, mphunzitsi wopuma pantchito. Munalinso mkulu wina wa apolisi, amalonda, Sisita Lonah woimira azaumoyo, ndi a Fanwell oimira mipingo.

Makampani awiri anabwera kudzaonetsa katundu wawo muholo. Woyamba anafotokoza kuti mu pulogalamu yake dandaulo limamatirira pa nambala ya wapolisi, ndipo limamutsata kulikonse kumene wasamutsidwa. Wodandaula akasintha maganizo, pamalembedwa kuti wachotsa, koma dandaulolo limakhalabe poti ounika chiphaso aliona. Palibe munthu, ngakhale bwana wamkulu, amene akanatha kulifufuta.

Wachiwiri anali mnyamata wa suti yothina, wolankhula ngati wailesi. Anaonetsa pakhoma batani lofiira.

"Iyi yathu ni simpo, bakulu. Muntu akachosa komplenti, mwatinika apa chabe, yayenda. Ofisa akhala kilini, palibe vokumbusana va kudala."

A Fanwell anaongola khosi. Batani limenelo analikonda ngati analisoka okha.

"Ine ndikuti titenge yachiwiriyi," anatero ataimirira. "Ife kumpingo timagwirizanitsa anthu. Ndiye munthu wagwada, wakhululukidwa, koma makina akumusungirabe mlandu? Makina aposa Mulungu? Chokhululukidwa chafa, abale anga."

Sisita Lonah sanadikire kupatsidwa mpata.

"Ba Fanwell, kukhululuka ni kwa mutima. Kulibe wamene akana. Koma iyi sisitimu sitigulila wamene anamenyewa kudala, tigulila wamene akalibe kumenyewa. Ine ndine nimatunga vilonda. Wina abwela kuchoka ku Linda na nthiti zothyoka, pakapita mwezi achosa komplenti. Wina ku Malota, chimozimozi. Aliyense aganiza ati ni yeka. Bambili sibachosa chifukwa bakhululuka, bachosa chifukwa bayopa, olo bakulu babakakamiza. Mukafuta vonse, wamene apasa satifiketi azaona chani?"

"Ndiye munthu azilangidwa ndi mlandu woti mwiniwake wausiya?"

"Awe. Komplenti imozi siimanga muntu, bafunika kufufuza, na ofisa nayeve ayankhe. Bapolisi babwino baliko bambili, na beve iyi izabachingiliza ku maboza. Koma zikankala zitatu zolingana pa nambala imozi, wina afunika afunse. Imwe a kum'mawa si ndimwe mumakamba ati mlandu suola?"

Mawuwo anali oona, koma Sisita Lonah analankhula mokalipa, pamene a Fanwell analankhula mokoma, ndipo anthu amakonda kutsata mawu okoma. Mkulu wa apolisi uja anati batani lofiira lichepetsa ntchito. Amalonda anati sakufuna kudana ndi apolisi. Manja atakwezedwa, Sisita Lonah anatsala ndi a Imwiko okha. Chokhacho chimene a Imwiko anakwanitsa n'chakuti pulogalamuyo iyambe yayesedwa kaye asanasaine pangano lenileni.

Madandaulo akale onse analowetsedwa mu kompyuta. Atafika pa la Dabwitso, kalaliki anaona kuti linachotsedwa, n'kudina batani lija. Posakhalitsa chiphaso cha Amon chinafika pounikidwa. Ounikawo anatsegula nambala yake, n'kupeza poyera ngati mbale yotsuka. Anamupatsa chiphaso chatsopano, n'kumusamutsira ku komboni ya Libuyu kuti azikatsogolera gulu lothamangitsa ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Lamulungu lotsatira a Fanwell anapereka umboni kutchalitchi kuti Mulungu amakweza odzichepetsa.

Ku Libuyu komweko kunkakhala Winnie, mwana wamkazi wa a Fanwell. Anakhala pabanja zaka zingapo popanda mwana, apongozi akumunena, ndipo tsopano anali ndi pakati pooneka. A Fanwell anali atasoka kale timalaya ndi kabulangete kuchokera ku nsalu zotsala, n'kuzibisa pansi pa makina kuti akazi awo asawaseke. Winnie ankagulitsa zitumbuwa ndi mazira owiritsa kunja kwa msika.

M'mawa wina galimoto ya apolisi inatulukira mwadzidzidzi. Amayi anabalalika, tomato n'kumwazika mumsewu. Amon anadumpha galimoto isanaime, n'kuyamba kugubuduza matebulo ndi jombo. Mkulu wina wogulitsa makala anamenyedwa ndodo pakamwa, mano n'kugwera m'fumbi. Winnie sakanatha kuthamanga. Anawerama kuti anyamule beseni lake, ndipo ndodo inamupeza pamsana. Atakana kusiya beseni, Amon anamukoka tsitsi chakumbuyo, n'kumugwetsera pa simenti ya ngalande. Kenako anamuponda ndi jombo, kawiri, osayang'ana n'komwe kuti akuponda pati.

"Ba Amon, ndine Winnie! Mwana wa ba elda!"

Amon anaima, n'kumuyang'ana kumaso, n'kuyang'ana chitenje chimene chinali chitayamba kufiira. Anakwera galimoto n'kumapita. Amayi a pamsika ndiwo anamunyamula Winnie pa wilibala mpaka pamene anapeza takisi yopita naye ku kiliniki.

A Fanwell anafika kuchipatala tepi idakali m'khosi. Pakhomo la wodi anakumana ndi Sisita Lonah, amene anaperekeza Winnie kuchokera ku kiliniki, yunifolomu yake ili magazi okhaokha.

"Winnie azapola," anatero motsitsa mawu. "Koma mwana tamutaya. Anali mwamuna."

"Wachita ndani?"

Sisita Lonah anawayang'ana, ndipo ulendo uno sanakalipe. "Ni Amon Sakala, ba Fanwell."

Kwa anthu a kum'mawa, mwana wobadwa atafa kale amatchedwa nthayo. Saliridwa mokweza, sakhomeredwa bokosi, ndipo amakaikidwa ndi amayi okhaokha. Choncho a Fanwell, munthu amene analalikira pamaliro osawerengeka mu Malota, anatsala pansi pa mtengo wa mango, akuona akazi awo ndi amayi ena akutuluka mwakachetechete ndi kamtolo. Anakakulunga ndi kabulangete kaja. Mtima unawawawa kwambiri moti analephera ngakhale kupemphera.

Tsiku lotsatira anapita ku ofesi ya madandaulo, nkhope ili gwa. Kalaliki analemba zonse bwinobwino, kenako anatsegula nambala ya Amon n'kutembenuza kompyuta kuti aone.

"Ba elda, apa paonesa ati iyi ndiye komplenti yake yoyamba. Lamulo yathu ikamba ati zikankala zibili zovulaza muntu, satifiketi iimisiwa pamene apo. Koma ikankala imozi, apitiliza kusebenza pamene tifufuza."

"Yoyamba? Nanga zala za mphwanga?"

"Palibe apa, ba elda. Inafutiwa."

A Fanwell anatuluka. Podutsa pamsewu waukulu anaona galimoto ija ikulowera ku Libuyu, Amon ali kutsogolo, ndodo ili pamiyendo.

Lamulungu masana anamva kugogoda. Anali akuluakulu a mpingo, anzawo omwe, mmodzi atanyamula thumba la ufa, wina nkhuku yoyera. Kumbuyo kwawo kunali Amon ndi tayi yomwe ija. Dabwitso, amene tsopano ankangothandiza kupanga polishi ziboliboli za anzake, anali atakhala pakhonde, atabwera kudzazonda Winnie, amene ankachirira kwa makolo ake.

Amon anagwada. "Ba elda, inali chabe tempa. Sininazibe ati ni Winnie."

"Akanakhala mwana wa wina zikanakhala bwino?" anafunsa a Fanwell.

Mkulu wina anatsokomola n'kunena mwaulemu, "A Njobvu, inu ndi amene mumatiphunzitsa. Munthuyu ali ndi ana. Chokhululukidwa chafa."

Kumva mawu awo omwe akutuluka m'kamwa mwa wina kunawachititsa mdima m'maso. Pafupi ndi makina osokera panali ayironi yamakala, yolemera. Anainyamula ndi manja awiri, n'kuikweza pamwamba pa mutu wa Amon. Nkhuku inapulumuka, akuluakulu anagwerana pothawa, Amon n'kudziphimba kumutu. Ayironiyo ikanatsika, bwenzi tikunena za maliro ena. Koma Dabwitso anadumpha n'kuwakola mkono ndi chigongono, poti zala zake sizikanatha kugwira. Ayironi inagwera pambali, n'kuswa simenti, phulusa n'kumwazika pa tayi ya Amon.

"Amalume, mukamumenya muzagona mu selo, yeve mailo azabwelela pa nchito," anatero Dabwitso akupuma mwabefu. "Musiyeni ayende."

Alendo atapita ndi ufa wawo, a Fanwell anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Kenako anachita chinthu chimene malume sachita kwa mphwake. Anamugwadira.

"Mphwanga, ndikupempha. Tiye tikalembetsenso dandaulo lako. Popanda iwe, munthuyu mawa akaponda wina."

Dabwitso anatambasula dzanja lake lamanja. Zala zitatu zinali zokhota, zouma, zoloza kumbali.

"Pamene nenze kulila ine, munati nipeleke dzanja. Lelo chifukwa ni Winnie, ndiye mwaona ati ni mulandu."

"Ndi zoona."

"Ine ninamukhululukila zoona, amalume, sininaname pa ija Sondo. Koma zala zanga sizinamveko." Anapukusa mutu. "Nizayenda. Osati chifukwa cha imwe. Chifukwa cha uja mudala wa malasha, wamene alibe elda ku nyumba kwake."

Komiti itakumananso kuti isaine pangano, a Fanwell anapempha kulankhula. Sananene mawu okoma tsiku limenelo. Anafotokoza za kampelwa, za chitseko, za jombo ndi za kamtolo kaja, n'kumaliza ndi kunena kuti batani lofiira analipempha ndi iwo. Mkulu wa apolisi uja anavula chipewa n'kuchiika patebulo.

Sisita Lonah anawonjezera mawu ochepa. "Tisagule chintu chifukwa ni chosavuta. Tifunse mafunso. Komplenti imukonka ofisa akasamuka? Nindani angaifute? Wamene apasa satifiketi aiona? Na wamene adandaula, dzina yake ibisika kuti asamuyofye? Kampani ikalephela kuyanka ivi, ibwelele kwamene yachoka."

A Imwiko anaitanitsa manja, ndipo ulendo uno onse anasankha pulogalamu yoyamba ija. Dabwitso analembetsanso dandaulo lake, Sisita Lonah n'kuikapo lipoti lachipatala. Mbiri itamveka, anabwera mkulu wa makala uja, kenako mayi wina wa ku Linda amene nthiti zake zinathyoledwa kale, nayenso atalandirapo nkhuku yoyera. Chiphaso cha Amon chinaimitsidwa tsiku lomwe Dabwitso analembetsanso dandaulo, ndipo nkhani yake inapita kukhoti.

Anthu anayamikira komiti, ena mpaka kuyamikira a Fanwell. Winnie anachira, ngakhale adokotala sanamulonjeze kuti adzatenganso pakati. Tsiku lina Dabwitso anadzera kwa amalume ake ndi malaya oduka mabatani. A Fanwell anakoka kabati ya pansi pa makina kufuna ulusi, timalaya tija n'kugwera pansi. Dabwitso anawerama kuti atole, koma zala zinakana kutsina nsalu. Anayesa kawiri. A Fanwell anatola okha, n'kutipinda bwinobwino, n'kuyamba kusoka mabatani a malayawo.

Phunziro: Kukhululuka n'kwabwino, koma ndi nkhani ya mumtima mwa wolakwiridwa, ndipo sikuyenera kukakamizidwa. Dandaulo la nkhanza silili la wovulazidwa yekha, limatetezanso amene sanavulazidwe. Tikamasankha njira yosungira madandaulo pa apolisi kapena aliyense wokhala ndi mphamvu pa anthu, tisankhe imene imatsata munthu kulikonse kumene wasamukira, yosalola aliyense kufufuta, ndiponso yoonedwa ndi opereka chiphaso. Wovulazidwa apite kuchipatala, akadandaule, ndipo akuluakulu amuperekeze m'malo momutseka pakamwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.